Masiku a tchuthi m'Malawi: anawasankha ndani, nanga amatikumbutsa chiyani?

Pa chaka, maofesi a boma ndi mabanki m'Malawi muno amatseka masiku 12 a tchuthi chokhazikitsidwa ndi lamulo. Asanu akukhudza chipembedzo: Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, Idi yotsekera mwezi wa Ramadhani, Khirisimasi ndi tsiku lotsatira Khirisimasi. Limodzi ndi la Chaka Chatsopano, lomwe silifuna kulifotokoza. Otsalawo ndiwo ali ndi nkhani: 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala. Masiku amenewa sanagwe kumwamba. Lililonse analiika pa kalendala ndi boma linalake, pa zifukwa zake, ndipo pali ena amene anachotsedwapo, kubwezeredwa kapena kusunthidwa malinga ndi amene anali pampando nthawi imeneyo. Munthu wowerenga kalendala yathu mofatsa amaonamo mkangano umene sunathebe, wokhudza mbiri ya dziko lino ndi amene ayenera kukumbukiridwa.

Kayendetsedwe kake nkosavuta. Tsiku la tchuthi likagwa Loweruka kapena Lamlungu, anthu amapuma Lolemba lotsatira. Ndi chifukwa chake anthu apantchito amathamangira kuyang'ana kalendala chaka chikangoyamba, kuwerengera mawikendi aatali. Boma limathanso kulengeza tchuthi chapadera, monga pa tsiku la chisankho, koma chimenecho n'cha chaka chomwecho basi.

Tsiku loyamba la mbiri ndi 15 Januwale, lokumbukira m'busa John Chilembwe. Iye anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 anayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, mzungu amene azungu anzake sankamukonda chifukwa ankalalikira kuti Africa ndi ya anthu a mu Africa. Mu 1897 Booth anapita naye ku America, kumene Chilembwe anaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene tonse timangoitchula kuti PIM. Anamanga masukulu, analimbikitsa anthu kuvala bwino, kulima mbewu zogulitsa ndi kudzilemekeza.

Pafupi ndi mishoniyo panali minda ikuluikulu ya A. L. Bruce ku Magomero, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Kumeneko anthu ankakhala pa thangata: kuti ukhale pa malo a mzungu, unkayenera kumugwirira ntchito m'malo mwa lendi, nthawi zambiri m'miyezi yomwe munda wako ukufuna khasu. Matchalitchi audzu amene anthu a Chilembwe ankamanga m'mindamo ankatenthedwa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ngakhale atakhala m'busa kapena mphunzitsi. Kenako mu 1914 kunabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo anthu akuda anafera ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani. Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi amene alibe kanthu m'dziko lawo lomwe ndiwo akutumizidwa kukafa, kusiya amasiye, pa nkhondo imene eni ake ndi anthu olemera. Boma linaitsekereza kalatayo.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. M'minda ya A. L. Bruce anapha azungu atatu, ndipo Livingstone anamudula mutu. Akazi ndi ana a azungu sanawavulaze. Gulu lina linapita ku Mandala mu Blantyre kukalanda mfuti, koma linabwerako ndi zochepa kwambiri. Pasanathe milungu iwiri zonse zinali zitatha: Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a Mozambique, namukwirira mwachinsinsi, tchalitchi chake chanjerwa chinaphulitsidwa, ndipo otsatira ake makumi angapo ananyongedwa kapena kuwomberedwa. PIM inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anaitsegulanso.

Pa nkhondo yokha, kuukiraku kunalephera, ndipo tisamachite ngati magazi sanakhetsedwe mbali zonse. Chimene chimampatsa Chilembwe tsiku lakelake n'chakuti anali munthu wophunzira, wovala suti, amene atsamunda ankamuona ngati chipatso cha ulamuliro wawo, koma ananena poyera kuti ulamulirowo ndi wopanda chilungamo, nalolera kufa. Mu nthawi ya Kamuzu ankatchulidwa ndithu, makamaka pa 3 Malichi, koma tchuthi chakechake chinabwera m'boma la Bakili Muluzi, lomwenso linaika nkhope yake pa ndalama za kwacha kuyambira mu 1997. Lero ali pa K500 ndi pa K2,000. Mu 2022 chiboliboli chake, chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu, chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London: Chilembwe ataima pambali pa mmishonale wachizungu, chipewa chili kumutu. Mwambo waukulu wa tsikuli umachitikira ku PIM komweko, ndi mapemphero.

Kuchoka apo mbiri imalumpha zaka 44 kufika pa 3 Malichi 1959, gwero la tsiku lokumbukira ofera dziko. Mu 1953 Britain inalumikiza Nyasaland ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia kukhala chitaganya, anthu akuno asakufuna. Ambiri anali atagwirako ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, choncho tsankho la kumeneko ankalidziwa ndi maso awo. Achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, anaona kuti pakufunika munthu wamkulu, wophunzira, amene mafumu ndi anthu akumudzi angamumvere. Anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Misonkhano yake inkadzaza, akudzudzula chimene ankachitcha chitaganya chopusa.

Pofika Febuluwale 1959 zipolowe zinali ponseponse. Boma la atsamunda linati lamva kuti Congress yapangana zopha azungu, amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma. M'bandakucha wa pa 3 Malichi, bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, apolisi ndi asilikali nayamba kugwira atsogoleri m'dziko lonse. Kamuzu anamutenga kunyumba kwake ku Limbe ali m'zovala zogonera, nakamutsekera ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe.

Ku Nkhata Bay, omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa yomwe inali padoko. Khamu la anthu linakhamukira kumeneko kufuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali ochepa amene ankalondera padokopo anawombera. Lipoti la boma la Britain linati anafa anthu 20. Eni dera amawerenga 31. M'dziko lonse, lipotilo linati anaphedwa anthu 51, ndipo oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Woweruza Patrick Devlin, amene anatumidwa kudzafufuza, anapeza kuti nkhani ya chiwembu chopha azungu inalibe umboni wogwira mtima, ndipo analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mawu amenewa anachititsa manyazi boma la ku London. Kamuzu anatuluka pa 1 Epulo 1960, chipani cha Malawi Congress, chomwe Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa iye ali m'ndende, chinapambana chisankho cha 1961, ndipo chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Mabanja a ku Nkhata Bay akhala akupempha chipukutamisozi ku Britain mpaka zaka zaposachedwapa. Paja mlandu suola.

Amene anakula isanafike 1994 amalikumbuka tsikuli mwa mtundu wina. Pa 3 Malichi dziko linkangoti zii. Wailesi ya MBC, yomwe inalipo yokha, inkaika nyimbo zachisoni ndi sewero la mbiri tsiku lonse. Kumunda kunalibe kupita, mpira kunalibe, mowa ndi gule ayi ndithu, ndipo ayufi ndi apayoniya ankayendayenda kuona ngati wina akuchita mwano. Chisoni chinali cholamulidwa. Lero zinatembenukiratu: atsogoleri amakaika nkhata za maluwa pa chiliza ku Nkhata Bay, anthu ena onse ali kumsika kapena kumowa. Ine ndimaona kuti zonse ziwirizi zili ndi chilema chake, koma bola lero, pakuti munthu ungathe kufunsa mokweza kuti ofera dziko ndi ndani. Kodi ndi okhawo amene anaphedwa ndi atsamunda? Nanga nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983 boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto? Nanga Orton Chirwa, amene anafera m'ndende ya Zomba mu 1992? Nanga anthu pafupifupi 20 amene anawomberedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, ambiri mwa iwo ku Mzuzu? Chaka chilichonse funsoli limabuka, ndipo boma lililonse limatchula maina amene sakulipweteka.

Tsiku la 6 Julayi lasenza zinthu zitatu, ndipo si mwangozi. Ndi tsiku limene Kamuzu anabwerera kumudzi mu 1958. Pamene nthawi yosankha tsiku la ufulu inakwana, linasankhidwa lomwelo: pa 6 Julayi 1964 mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Blantyre, pa bwalo lomwe lero ndi Kamuzu Stadium, Prince Philip alipo kuimirira Mfumukazi, ndipo Nyasaland inakhala Malawi. Komabe kwa zaka ziwiri Mfumukazi Elizabeth anakhalabe mutu wa dziko, kudzera mwa nthumwi yake Sir Glyn Jones, Kamuzu ali nduna yaikulu. Pa 6 Julayi 1966 m'pamene Malawi inakhala ripabuliki, Kamuzu n'kukhala pulezidenti, ndipo malamulo atsopano omwewo anati chipani chikhala chimodzi. Choncho tikamakondwerera tsikuli timakondwerera kutha kwa utsamunda, koma pa deti lomwelo ndi pamenenso khomo la zipani zina linatsekedwa mwalamulo. Chimwemwe cha 1964 nachonso sichinakhalitse: patangotha miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo anthu amene anamuitana kudzatsogolera, Chipembere ndi Chiume, anathera kunja kwa dziko.

Kale chikondwerero cha 6 Julayi chinali chachikulu zedi, ndi perete wa asilikali, magule ochokera m'maboma onse, mbumba zitavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, ndi mpira pomaliza. Masiku ano chimakula kapena kuchepa malinga ndi thumba la boma, ndipo zaka zina pamangokhala mapemphero. Chaka cha 2017 chinasiya chilonda: anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, akulimbirana kulowa.

Pamene mkangano wa kalendala umaonekera poyera ndi pa masiku awiri otalikirana ndi mwezi umodzi wokha, 14 Meyi ndi 14 Juni. Loyambalo ndi Tsiku la Kamuzu, tsiku limene boma lake linkati ndilo anabadwa. Ngakhale chaka chimene boma linkanena, 1906, akatswiri ambiri a mbiri sachivomereza. Iwo amati anabadwa cha m'ma 1898. Mu ulamuliro wake linali tsiku lalikulu, lotamanda mtsogoleri amene kuyambira 1971 anali wamuyaya.

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa choitanitsa demokalase. Maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo. Kamuzu anavomera riferendamu, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu anakasankha pakati pa zizindikiro ziwiri: tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndi nyali ya matipate. Oposa 63 pa anthu 100 alionse anasankha nyali. Kumpoto ndi kummwera nyali inapambana kwambiri, pamene chigawo chapakati chinatsalira kwa tambala, ndipo kugawanika kumeneku kukuonekabe m'zisankho zathu. Pa 17 Meyi 1994 Muluzi anapambana chisankho.

Boma latsopanolo linachotsa Tsiku la Kamuzu n'kuika 14 Juni kukhala Tsiku la Ufulu. Linafufutanso dzina la Kamuzu pa bwalo la ndege la ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha mumzindawo ndi pa bwalo la masewero la ku Blantyre. Kamuzu anazengedwa mlandu wa ku Mwanza mu 1995, khoti linamupeza wosalakwa, ndipo anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 anayamba kubweza zonsezo: maina anabwerera, chiliza chachikulu chinamangidwa pa manda a Kamuzu ku Lilongwe, kenako 14 Meyi inabwerera pa kalendala ndipo 14 Juni inachoka. Bingu ankamulemekezadi Kamuzu, mpaka naye anadzitcha Ngwazi, koma sitingaiwale kuti anali atakangana ndi Muluzi ndipo ankafuna mavoti a chigawo chapakati.

Okonda Tsiku la Kamuzu ali ndi mfundo zawo: anathetsa chitaganya, anakhazikitsa Yunivesite ya Malawi, anasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, anamanga misewu, ndipo ankalimbikira ulimi. Otsutsa nawonso ali ndi zawo: ndende za Mikuyu ndi Dzeleka, a Mboni za Yehova amene analetsedwa mu 1967 n'kuthamangitsidwa m'midzi yawo, makadi a chipani okakamiza, ndi anthu amene anangosowa. Kwa ine vuto si lakuti Kamuzu ali ndi tsiku. Vuto n'lakuti kuti iye alipeze, tinataya tsiku lokhalo pa kalendala limene mwini wake sanali mtsogoleri mmodzi kapena anthu ophedwa, koma anthu wamba amene anaima pa mzere n'kusintha dziko ndi pepala. Mwana wobadwa m'ma 2000 amadziwa kuti pa 14 Meyi sapita kusukulu. Mukamufunsa za nyali ndi tambala, ambiri angokuyang'anani.

Tsiku la Anakubala nalo layenda ulendo wake. Maiko ambiri amalikumbukira Lamlungu lina mu Meyi, osatseka maofesi, koma kuno ndi tchuthi chenicheni. Linayamba mu nthawi ya Kamuzu, amene ankadzitcha Nkhoswe ya amayi onse, ndipo amayiwo anali mbumba yake yomuvinira pa misonkhano. Pambuyo pa 1994 linkachitika Lolemba lachiwiri la Okutobala, kenako linakhazikika pa 15 Okutobala, tsiku lomwenso bungwe la United Nations limakumbukira amayi akumidzi. Mwa masiku onse amene anabadwira m'ndale, ili lokha ndi limene anthu analilanda n'kukhala lawolawo. Palibe amene amadikira boma kuti limuuze chochita. Sabata yake m'masitolo a nsalu mumakhala mothinana, anthu akusankha chitenje cha mayi, cha apongozi, cha azakhali amene anawalera. Mabasi opita kumudzi amadzaza ndi shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ndipo amene sanathe kupita amatumiza ndalama pa foni. Poti Okutobala ndi mwezi wotentha, magombe a ku Mangochi ndi ku Salima amadzazanso ndi magulu a amayi ovala nsalu zofanana.

Masiku achipembedzo safuna mawu ambiri, kupatula kayendedwe kake. Pasaka sikhala pa deti limodzi chifukwa imatsata mwezi wakumwamba: ndi Lamlungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi, choncho imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Lachisanu Loyera misewu ya m'mizinda imadzaza ndi Njira ya Mtanda. Khirisimasi imapeza anthu ambiri ali pakati pa dzinja, ndalama zitathera ku feteleza, komabe mpunga ndi nkhuku zimayesetsa kupezeka. Tsiku la 26 Disembala tinangotengera kwa Angerezi, amene kale ankapereka mphatso kwa antchito awo pa tsikuli. Kuno ambiri amangoliona ngati mchira wa Khirisimasi.

Idi ndiyo ili ndi tanthauzo lina pa mbiri ya dziko. Chisilamu chinafika kuno kale mishoni zambiri zisanakhazikike, kudzera m'malonda a ku gombe la Indian Ocean, ndipo chinazika mizu ku Nkhotakota, Mangochi, Machinga ndi madera ena. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse. Komabe kwa zaka zambiri kalendala ya boma inkangodziwa zikondwerero zachikhristu, mpaka Idi inalowamo mu nthawi ya Muluzi, yemwe ndi Msilamu. Deti lake limadalira kuoneka kwa mwezi watsopano, ndiye nthawi zina chilengezo cha tchuthi chimatuluka usiku, mawa lake n'kukhala Idi. Poti chaka cha Chisilamu n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, Idi imabwera mofulumirirapo chaka ndi chaka, kuzungulira nyengo zonse.

Latsala ndi 1 Meyi, Tsiku la Apantchito. Gwero lake ndi ku Chicago mu 1886, kumene antchito ananyanyala pofuna kuti tsiku la ntchito likhale la maola asanu ndi atatu. Kuno, mu ulamuliro wa chipani chimodzi, mabungwe a antchito anali ofooka ndiponso omangidwa ku chipani, koma antchito omwewo ndiwo anagwedeza boma kumayambiriro kwa Meyi 1992, pamene sitiraka yoyambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inafalikira mumzinda wonse, apolisi n'kuwombera anthu ambiri. Chihana naye anali mtsogoleri wa mabungwe a antchito. Lero pa tsikuli bungwe la Malawi Congress of Trade Unions limatsogolera perete, antchito atavala malaya a makampani awo, ndipo zolankhula zimazungulira pa malipiro ochepetsetsa ndi kukwera mitengo kwa zinthu.

Tsiku limeneli limatikumbutsanso kuti tchuthi cha boma chimafika kwa anthu ochepa. Amalawi ambiri ndi alimi, ndipo chimanga sichidziwa kuti 15 Januwale ndi tsiku la Chilembwe. Kupalira ndi kubandira kumapitirira. Wakabaza, wogulitsa tomato ndi kondakitala wa minibasi akapuma ndiye kuti tsiku limenelo kunyumba sikuphikidwa. Pali enanso olembedwa ntchito amene sangachoke pamalo: anamwino, apolisi, alonda, ogulitsa mafuta a galimoto, antchito a m'nyumba. Kwa ambiri mwa amenewa, lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 likunena momveka kuti tsiku la tchuthi cha boma ndi lolipidwa, ndipo wogwira ntchito pa tsikulo ayenera kulandira malipiro osachepera kawiri pa ola lililonse. Alonda ndi antchito a m'nyumba ndiwo amaponderezedwa kwambiri pamenepa, chifukwa ambiri alibe kalata ya ntchito ndipo amaopa kufunsa. Woberedwa motere ayenera kulemba madeti ndi maola amene anagwira, n'kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhaniyo imapita ku khoti loona za antchito.